Kamera Yofukulidwa Pabwinja

Georgina analowa m'sitolo ya a Renato kudzajambulitsa kachithunzi ka pa chiphaso, osati kudzayambana ndi munthu. Aliyense wobwerera kuchokera ku Zambia chaka chimenecho ankafunika chiphaso chatsopano, ndipo pa Fingoe ponse wojambula anali mmodzi yemweyo, mkulu wa ku Tete amene anatulukira nkhondo itangotha, atanunkhiza kuti kumene anyamata akukumba golide malonda sagona.

Sitoloyo inali chipinda chimodzi cha nyumba yakale ya Apwitikizi, khoma lake lidakali ndi zipsera za zipolopolo. Anthu anali pamzere kudikira kukhala pampando kutsogolo kwa nsalu yoyera. Georgina, poti anali mkazi wa wojambula, maso ake anapita okha pa mashelefu. Pamwamba panali makamera atsopano apulasitiki, ofiira ndi achikasu, amene okumba golide ankagula n'kumakoleka m'khosi kuti atsikana aone. Pakati panali ogwirapo kale ntchito, ena omangidwa ndi mphira. Pansi, m'kabati yagalasi long'aluka, munali nkhalamba zenizeni: ina yamaso awiri yoyang'anira pamwamba, ina yofutukuka ngati mvukuto, zonse zosiyidwa ndi azungu a kale.

Pakona ya kabatiyo panali kamera yakuda, yolemera, yopindika paphewa lakumanzere. Georgina anaidziwa monga mkazi adziwira kutsokomola kwa mwamuna wake pakati pa gulu. Kupindikako kunachitika tsiku limene mwamuna wake Nazário anagwa nayo panjinga potsetsereka pa Chipera.

"Tsegulani apa," anatero.

A Renato anasiya munthu ali chikhalire pampando, chibwano m'mwamba, n'kubwera akumwetulira.

"Aa, dona ali ndi diso! Makina amenewo ndi a ku Rusiya, safa. Mutha kukhomera nawo msomali m'mawa, masana n'kujambula nawo ukwati. Koma inuyo ndikusankhireni kopepuka, onani kofiira aka..."

"Ndi a mwamuna wanga."

"Ndiye abwere okha bamboyo, tidzakambirane."

"Ali m'manda ku Zambia. Ndikawadzutse?"

Mzere wonse unacheuka. A Renato anatsegula kabatiyo.

Pothawa nkhondo, Georgina ndi Nazário anaikulunga kamerayo m'nsalu, n'kuiika m'chitini cha mabisiketi, n'kumata chivundikiro ndi phula la njuchi. Anaikwirira pansi pa nkhokwe kumudzi kwawo, kufupi ndi Malowera. Ankati abwerera pakatha mwezi, koma mweziwo unasanduka zaka. Lina, mwana wawo mmodzi yekhayo, anamwalira ndi chikuku ku kampu ya othawa nkhondo, ndipo Nazário anamutsatira. M'mimba mwa kamerayo Nazário anasiyamo filimu yomaliza, yosatsuka, atailoweza bwinobwino m'kachitini kake. Inali ya tsiku la ubatizo wa Lina. Chithunzi china cha mwanayo padziko pano panalibe, ndipo nkhope yake inali itayamba kuthawa m'mutu mwa amake. Mpata wa kumano ankaukumbukira, koma maso ankakana kubwera. Chimene chinamukweza Georgina pa lole yobwerera kwawo sichinali munda kapena nyumba, chinali kachitini kameneko.

Anakoka kachitsulo ka pamwamba, kumbuyo kwa kamera kunatseguka. Munalibe kanthu.

"Filimu ili kuti?"

"Rolo? Anabwera opanda rolo, dona, ndikulumbira pa ana anga. Koma mukakapeza kachitiniko kasanatsegulidwe, bwerani nako. Ku Tete ndatsukapo zokhalitsa, zina zimatuluka ndithu. Chachikulu kuwala kusalowemo, chifukwa..."

"Musandiphunzitse. Madzi otsukira ndinkatunga ndine. Anakugulitsani ndani?"

"Dona, malonda ali ndi chinsinsi chake."

"Chabwino. Ndiima pakhomo panupa, ndiziuza aliyense wolowa kuti sitolo ino imagula zofukula m'mabwinja mwa anthu."

Apa mzere unayamba kung'ung'udza. Panalibe mmodzi pamzerepo amene sanasiye kanthu m'nthaka: uyu makina osokera, uyo mapoto, wina njinga yomasula. Mkulu wina anavula chipewa chimene anabwereka kuti ajambulitse nacho, n'kusendera kufupi ndi kabati kuti aone ngati wotchi yake ilimo. A Renato anaona kuti madzi afika m'khosi.

"Jossias," ananong'oneza. "Wa kumigodi ya kumtsinje. Koma musakanene kuti ndakuuzani ndine."

"Ndikanena. Ndipo makinawa asasunthe m'kabatimo."

*

Kumigodi dziko lonse linali lokumbika ngati mwadutsa nguluwe. Georgina anayenda dzenje ndi dzenje akuitana dzinalo, mpaka mutu wina unatuluka pansi uli matope mpaka m'nsidze, mano okha ndiwo oyera.

"Epa, mama! Makina? Ine? Nkhope yangayi ikuoneka ya wojambula?"

"A Renato akuti unawagulitsa ndiwe."

"Mdala ameneyo pakamwa m'posatseka." Jossias anakwera n'kukhala m'mphepete mwa dzenje, miyendo ikulendewera. "Ndinagula ndi mtima woyera, mama. Ndinajambula nawo atsikana a pamsika sabata yonse, kacha, kacha, aliyense atavala za pa Sabata. Atayamba kufuna mafoto awo ndinaona kuti ndifa. Komanso kulemera! Khosi linkachita kuwawa. Ndiye ndinakawatula kwa mdalayo."

Anzake m'maenje oyandikira anaseka. Georgina sanaseke.

"Munali chiyani mkati?"

"Mphepo."

"Kachitini kakuda, kakang'ono ngati chala chachikulu. Sunakaone?"

"Ndikanakaona bwenzi atsikana aja atandikhululukira. Munalibe, mama."

"Unawatenga kwa yani?"

"Dzina sindinafunse. Kuno ukafunsa munthu dzina nayenso amafunsa lako, ndiye timangokhala. Ndinapereka thumba la mchere ndi makasu awiri, pronto, aliyense njira yake."

Georgina anatola fosholo imene inali pambali n'kuyamba kukankhira mulu wa dothi m'dzenje la Jossias, dothi limene mnyamatayo anavutika kulitulutsa kuyambira m'mawa. Anakankha kamodzi, kawiri.

"Mama! Mama, imani! Mwapenga? Chabwino. Anali mkulu waulemu wake, korona m'khosi, wolankhula pang'onopang'ono ngati ali paguwa. Anabwera pa ngolo ya ng'ombe, poti mwendo ali nawo umodzi. Winawo anausiyira mina."

Fosholo inagwa m'manja mwa Georgina. Pamene panakwiriridwa chitini ankapadziwa anthu atatu: iye, Nazário, ndi amene anagwira khasu tsikulo. Ameneyo anali Elídio, mng'ono wake wa Nazário, katekisiti, amene anaponda mina, bomba lokwirira, chaka chatha atangobwerera kumudzi.

*

Ulendo wa ku Malowera anauyenda ndi mkwiyo, theka pa lole ya chimanga, theka wapansi. Chimene chinkamuwawa kwambiri chinali chakuti tsiku limene anatsika lole pa Fingoe, Elídio yemweyo anabwera kudzamulonjera. Anapemphera naye, misozi ili mbwee, kenaka anati, "Alamu, musafulumire kupita kubwinja, kuli mina. Dikirani kaye pano." Ndipo iye, chitsiru, anadikira, akuthokoza Mulungu chifukwa cha mlamu wachifundo. Munthu wa korona m'khosi! Georgina anakonza mawu oti akamulase nawo, n'kumawanola njira yonse.

Asanapite kwa Elídio anapatukira kubwinja. Anatsata njira ya mbuzi, poti pamene padutsa mbuzi bomba palibe. Nyumba yawo inali itatsala chulu cha dothi chomera chisoso. Mango amene anasiya ali kamtengo anali atakula mpaka kuchita mthunzi. Miyala ya nkhokwe inali pomwepo, ndipo pakati pake panali posachita kufunsa: pokumbidwa posachedwa, mvula yomaliza itangodutsa.

Anagwada kuti alire, koma zimene anaona zinamuletsa misozi.

Dzenjelo linali lokwiriridwanso, dothi lake losalazidwa ndi manja. Pozungulira panali posesedwa, mizere ya tsache ikuonekabe pa nthaka youma. Pamwamba pake panali chipanda chovundikira pansi. Atachitembenuza anapeza mkati muli zouma za ufa wamapira wosungunula m'madzi.

Wakuba sakwirira dzenje, ndipo sasesa. Wakuba wachilendo sapepesa mzimu umene saudziwa dzina. Amene anakumba apa anagwada, anatchula Nazário, anathira nsembe n'kumupempha kuti asakwiye. Anali wa pabanja, zimenezo zinali zoonekeratu. Koma Elídio? Elídio amene ku kampu ankaphwanya zipanda zoterezi ndi chidendene, n'kumalalikira kuti ndi za mdima? Georgina anayang'ana pansi mozungulira. Nthaka inali yofewa tsiku lokumbalo, ndipo inasunga mapazi a mbuzi ngakhalenso a nkhanga. Ndodo zoyendera za Elídio zikanasiya mabowo paliponse. Panalibe bowo ngakhale limodzi. Kumene tsache silinafike kunali mapazi awiri opanda nsapato, lamanja ndi lamanzere.

Anakulunga chipandacho m'chitenje n'kunyamuka.

*

Georgina anamupeza Elídio pamthunzi, pafupi ndi katchalitchi kamene akhristu ankamanganso. Anali atakhala pamphasa akupota luzi lomangira denga, ndodo zake atazitsamiritsa pamtengo.

"Alamu! Mwafika liti? Bwenzi mutatumiza mawu, tikanakuchingamirani."

Georgina sanakhale pansi, ndipo moni sanayankhe.

"Ndawaona makina a achimwene anu. Ali m'kabati pa Fingoe, pakati pa zinyalala za Apwitikizi. Mchere uja ukukoma?"

Luzi linaima m'manja mwa Elídio. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Ndine, alamu. Ndinafukula ndine, ndinagulitsa ndine. Njala ilibe manyazi. Mulungu andikhululukire, ndipo inunso mukatha, mundikhululukire."

Kuvomera kwake kunali kosalala kwambiri, ngati nyimbo yoimbidwa kale kangapo. Georgina anamva mkwiyo wina watsopano, woposa uja wa m'njira, chifukwa kuberedwa ndi kwina, kupusitsidwa kachiwiri ndi munthu yemweyo ndi kwinanso.

"Mutafukula, dzenje munalitani?"

"Dzenje? Ndinangolisiya choncho. Ndinkafulumira."

"Simunasiyepo kanthu?"

"Ndikanasiyapo chiyani?"

Georgina anamasula chitenje n'kuponya chipanda pamphasa. Chinagubuduka mpaka kukagunda bondo la Elídio, ndipo iye anachotsa dzanja msanga ngati waona njoka.

"Akatekisiti anayamba liti kuthira nsembe? Anayamba liti kusesa ndi tsache? Ndipo mwendo winawo unaphuka liti, kuti mukasiye mapazi awiri pabwinja panga?"

Amuna amene anali padenga la tchalitchi anasiya kufolera n'kutchera khutu. Elídio anatsitsa mawu.

"Chonde, alamu, anthu akumva. Mlanduwu ndausenza ine, ulekeni ukhale pa ine. Chibale ndi fupa."

"Nanga Lina sanali m'bale wanu? Munamugwirira kandulo ndinu pa ubatizo wake. Zithunzi za tsiku limenelo zinali m'makinamo, zosatsuka. Nazário anazisiya momwemo kuti tidzazipeze. Ndilibe china, alamu. Ndikatseka maso mwana wanga sindikumuonanso."

Nkhope ya Elídio inagwa. Apa sankanamizira.

"Munali filimu? Mayo ine. Ine anangondipatsa makina okha, kuti ndine mwamuna ndikagulitse. Malowo ndinawaulula ndili m'chipatala, mwendo atadula, ndikuganiza kuti sindidzuka. Ndinati chinsinsi chisafe ndi ine. Titamva kuti mukubwera, iwo anati tifulumire."

"Iwo ndani?"

Elídio analoza ndi mlomo kutsidya kwa dambo.

"Achemwali. Ali kumunda, akuingitsa mbalame."

*

Anastácia, mlongo wawo wamkulu wa Nazário ndi Elídio, anabwerera kumudzi mvula isanagwe, ndipo mapira ake anali atacha, ngala zili wee. Anali pansanja pakati pa munda, chitini cha mabisiketi m'manja, akuchimenya ndi kamtengo kuti mpheta zithawe. Phula la njuchi linali likadali m'mphepete mwa chitinicho. Ataona Georgina akubwera sanatsike, ndipo chitinicho sanabise.

"Ndimadziwa kuti mufika," anatero. "Elídio mtima wake ndi wa nkhuku. Mwabwera kudzandiimba mlandu? Imbani. Ine sindinabe. Mwini wake ndinamupempha. Ndinagwada, ndinathira ufa, ndinati Nazário, mbumba yako ilibe khasu, ilibe mchere, ana a mlongo wako akudya ndiwo zosakolera. Mpaka lero sanandibwerere kutulo kudzadandaula."

"Munadikira kuti mumve kuti ndili m'njira."

"Eya! Mukanafika inu poyamba, ife tikanaona chiyani? Katundu wa mwamuna ndi wa kwawo, mwambo umenewo sunapse ndi nkhondo. Mwana anali wa kwanu. Mlongo wanga munapita naye ku Zambia wamoyo, mwabwera nokha. Ngakhale manda ake sindikuwadziwa. Ndiye ndisatengeko ngakhale kachitsulo?"

Mawu amene Georgina anawanola njira yonse anali pakamwa, ndipo anali akuthwa. Anawameza. Kukangana za mwambo kukanatha mpaka dzuwa kulowa, koma iye sanabwerere mwambo.

"Makinawo tengani, alamu. Mchere idyani, makasu limirani. Sindipita kwa apolisi, sindipita kwa wina aliyense. Ndikungofuna kachitini kamene kanali m'mimba mwa makinawo. Kakuda, kakang'ono. Ndipatseni kameneko, ndizipita."

Anastácia anaoneka wodabwa kuti nkhondo yatha msanga chonchi. Mawu ake anafewa.

"Kaja? Aa, kanalibe ntchito kaja. Anthu ankanena kuti Nazário ankalandira timiyala ta golide kwa ojambulitsa, ndiye nditakagwedeza ndinati mwina anabisa m'menemo. Ndinakaswa ndi mpeni."

Georgina anagwira mtengo wa nsanja.

"Munakaswa."

"Munali kalamba chabe. Ndipo musandione ngati chitsiru, alamu. Ndikudziwa kuti zithunzi zimakhala pa timalamba timeneto, ndinkamuona mlongo wanga akutiyanika pachingwe, tinkhope tikuoneka timanotimano. Ndiye ndinasamala. Ndinati ngati muli anthu ndikusungirani. Ndinakatambasula konse, ndinakayang'ana padzuwa bwinobwino, kuyambira uku mpaka uko, mbali zonse ziwiri. Munalibe nkhope ngakhale imodzi."

Anazinena monyadira, ngati munthu amene wachita chinthu mwadongosolo.

"Kali kuti?"

"Ako apo. Mpheta zimakaopa kwabasi."

Pakati pa nsungwi ziwiri, pamwamba pa ngala za mapira, panali kalamba katali kakupotoka ndi mphepo, kakung'anima. Georgina anapita osaona pamene akuponda, mapesi akuthyoka. Anakamasula. Kanali kouma, kotuwa, kothothoka m'mphepete, pena kodetsedwa ndi zitosi. Ankadziwa bwino lomwe kuti palibe chimene angaone, komabe anakakweza m'mwamba n'kukayendetsa pang'onopang'ono pakati pa zala, mpaka kumapeto. Dzuwa linkangodutsa.

Pansi pa nsanja panali limodzi la makasu atsopano aja. Georgina analiyang'ana, ndipo kunena zoona, analiganizira. Sanakhalepo ndi chidani chotere chiyambire, ngakhale pa asilikali amene anawotcha mudzi, chifukwa iwowo sanadyepo m'mbale imodzi ndi Lina.

"Zimene munkaona pachingwe zinali zotsuka kale," anatero Georgina. "Izi zinali zisanatsukidwe. Zisanatsukidwe sizioneka, alamu. Zimakhalamo, zikudikira mdima ndi mankhwala. Zinadikira m'nthaka zaka zonse za nkhondo, chiswe sichinazipeze, moto sunazipeze. Inu munazionetsa dzuwa."

Kamtengo kanagwa m'manja mwa Anastácia.

"Munali ndani?"

"Mukufuna kudziwa? Tsikani ndikuuzeni."

Anastácia anatsika. Georgina anatambasula kalambako pakati pa iwo awiri n'kuyamba kuloza ndi chala pamalo opanda kanthu.

"Apa panali Lina atavala diresi loyera, pakhomo pa tchalitchi. Apa akulira chifukwa madzi anazizira. Apa ali pamiyendo pa amayi anu."

"Amayi analimo?"

"Analimo. Atavala mpango uja munawagulira inu." Chala chinasendera mpaka kumapeto, pamene panali mfundo yomangira kunsungwi. "Chomalizachi ndinajambula ndine, anandipatsa makina kuti nayenso aonekeko kamodzi. Nazário wanyamula Lina paphewa, akuseka. Inu mwaima pambali pake, mwamugwira mkono."

Anastácia anatambasula dzanja ngati akufuna kugwira pamalopo, koma Georgina anakoka kalambako n'kuyamba kukakulunga kudzanja lake.

"Yang'anitsitsani, alamu," anatero Anastácia. "Mwina a Renato ndi mankhwala awo... mwina kamodzi kokha katsala. Ka Nazário kokha."

"Munayang'ana kale inu. Mbali zonse ziwiri."

Anastácia anakhala pansi pakati pa mizere, miyendo atatambalala, manja pamutu. Kulira kwake kunayamba pang'onopang'ono, kenaka kunakwera kukhala kwa maliro, kutchula mlongo wake dzina, kutchula amake. Georgina sanamutonthoze ndipo sanalire naye. Anaima chilili, kalamba kali kudzanja, maso atatseka mwamphamvu, akuyesa kuitana nkhope ya mwana wake. Mpata wa kumano unabwera. Anadikira maso.

Mpheta zinaona kuti chitini chaleka kulira, ndipo zinatsika zonse pamodzi m'mapira.